Amayi a Chingwe ndi Galimoto Yochedwa Kukhuta

Inu amene mwatopa ndipo mukuganiza zongosiya, tamvani kaye za mayi wina amene madalaivala anzake ankamutchula kuti Amayi a Chingwe.

Mwamuna wake atamwalira, anamusiyira ana awiri ndi galimoto imodzi, ija yoyendera magetsi ndi petulo yemwe. Masana ena mayiyu anakhala pansi m'galaja, misozi ili chuchuchu. Galimoto inali pamagetsi chiyambire m'mawa, koma batire linali lisanafike n'pakati pomwe.

Ntchito yake inali yonyamula ana asukulu m'mawa ndi madzulo. Batire likatha ankayendera petulo, ndipo petuloyo ankadya phindu lonse. Anzake aja ankamuseka kuti galimoto yake imamwa magetsi ndi supuni.

Alamu ake, akulu ake a malemu, sanali munthu woipa ayi, koma anali atalankhula kale.

"Mlamu, chinthuchi chikukudyerani ana. Mwezi uno ukatha zisanasinthe, tigulitse basi."

Kugulitsa? Nanga ana adzadya chiyani?

Mayiyu anagula chingwe chotchajira chonenepa, anzake n'kumupatsa dzina lija. Ng'oo! Anapita kukatchaja pamalo otchajira mwachangu m'tauni, galimoto n'kumangomwa mwaulesi womwe uja. Makaniko anamufotokozera kuti liwiro silichokera ku chingwe kapena kukhoma, koma ku tchaja ina imene ili m'kati mwa galimotoyo. Anati ngakhale mutabweretsa mtsinje wonse, kukamwa kwa botolo n'komweko. Nzeru inali yosintha tchajayo n'kuikamo yaikulu, koma inali yoitanitsa kutali, ndipo sanalonjeze kuti ikalolana ndi galimotoyo.

Mayiyu anabwerera kunyumba mutu utadzaza ndi maganizo. Mumtima ankadandaula malemu kuti anagulira banja chinthu chodwala.

Koma anali wamakani, ndipo makani ena ndi abwino ndithu. Anaganiza kuti asanagonje, aidziwe kaye galimotoyo. Malemu sankalola munthu kugwiragwira sikirini ya kutsogolo m'galimotomo, moti iye ankaiopa ngati mbaula. Tsopano akatula ana kusukulu, ankakhala m'katimo n'kumatsegula chilichonse, chimodzichimodzi, akasokoneza n'kuyambiranso.

Tsiku lina anafika pamene pamasankhidwa mphamvu ya magetsi olowa potchaja. Panali pa mlingo wotsikitsitsa.

Chala chinayabwa kuti akweze pompo, koma anadziletsa. Mwamuna wake sankachita zinthu mwachisawawa. Anaitana wamagetsi amene ankawakonzera zinthu panyumbapo.

Wamagetsiyo atatsegula soketi ya m'galaja, anamuonetsa mawaya opyapyala, akalekale, ena atachita kuda ndi kutentha. Apa n'pamene wamagetsiyo anakumbukira kuti malemu anamuitanapo soketiyo itayamba kununkha kupsa. Anagwirizana zosintha mawaya, koma matenda anafika ntchitoyo isanachitike.

"Galimotoyi ilibe vuto, mayi," anatero wamagetsiyo akugogoda khoma. "Bambo aja anatsitsa mphamvuyo dala poopa moto. Kuseri kwa khomali si kumene kumagona ana?"

Mayiyu anatsamira galimoto. Analiranso, koma ulendo uno mtima unali utakhala m'malo. Munthu amene ankamudandaula miyezi yonseyi anali akulondera ana ake ngakhale atapita.

Mawaya anasinthidwa. Iye anakweza mlingo uja ndi chala chake, ndipo nthawi yokatenga ana isanakwane, batire linali litadzaza. Anazungulira galimotoyo kawiri akuseka yekha.

Alamu ake atabwera kumapeto kwa mwezi, anamva nkhani yonse, anayang'ana khoma lija nthawi yaitali, kenako n'kupukuta m'maso. Za kugulitsa sanazitchulenso. Anangopempha kuti awaperekeze kunyumba pa galimoto yomweyo.

Lero makolo amalimbirana malo m'galimoto yake. Madalaivala amene ankamuseka aja akagula galimoto zamtunduwu amathamangira kwa Amayi a Chingwe omwewo, ndipo iye amawauza kuti asanakweze chilichonse, aitane kaye wamagetsi aone mawaya.

Inunso mwina pali chimene chikuchedwa pa moyo wanu, ndipo anthu akuti gulitsani, siyani. Musafulumire kutaya. Chidziweni kaye, funsani, yesaninso mawa. Mayi uja akanagonja mwezi usanathe, akanagulitsa galimoto yabwinobwino, ndipo sakanadziwa chimene mwamuna wake anachitira ana awo. Osataya mtima, abale anga.