Phulusa la Galu mu Penti

Nditangofika ku Birmingham kudzagwira ntchito ya unamwino, ndinapeza chipinda cha lendi ku Kings Heath, m'nyumba yomwe tinkakhalamo anthu angapo. M'chipinda cham'mwamba munkakhala bambo ena a ku China, aafupi, a imvi za apo ndi apo. Tinkangopatsana moni pamasitepe. Zala zawo zinkakhala zothimbirira ndi penti, ndiye ine ndinkangoti ndi openta nyumba.

Loweruka lina masana ndili pa ofu, ndinamva kugogoda. Nditatsegula ndinapeza mayi achizungu achikulire, maso ali psuu, atakumbatira kabokosi kathabwa. Anati akufuna bambo ojambula aja a m'chipinda cham'mwamba.

"Wandisiya Lachiwiri," anatero, misozi ili chuchuchu. "Ali m'kabokosimu."

Ndinkamva kuti kuno amawotcha maliro, koma phulusa la munthu ndinali ndisanaliyandikirepo. Ndinawalowetsa kukhitchini, n'kuwaphikira tiyi, n'kukhala pambali pawo monga timachitira pasiwa. Ndinawafunsa ngati malemuwo anadwala nthawi yaitali. Anati eya, chakumapeto ankachita kumunyamula popita naye panja.

Bambo aja atatsika, penti ndi bulashi zili m'manja, mayiwo anatulutsa chithunzi m'chikwama. Ndinasuzumira. Anali galu, wakuda, makutu ali lende. Ndinasowa poika nkhope.

Ndisanatsitse mtima, bambowo anatsegula kabokosiko, n'kutapa phulusa pang'ono, n'kulithira pasosala. Anafinyirapo penti yakuda n'kuyamba kusakaniza ndi bulashi, patebulo lomwelo timadyerapo. Mayiwo ankangogwedeza mutu mokhutira. Ine manja anali pakamwa.

Mlendoyo atapita ndinalephera kupirira. "Bambo, chimene ndaonachi n'chiyani?"

"Ndi ntchito, anesi," anandiyankha. "Akufuna kuti galu wawo akhale m'chithunzimo mwini wake. Bwerani mudzaone."

Kuchipinda kwawo zithunzi zinali zitatsamira khoma mbali zonse, agalu ambirimbiri, amphaka pang'ono, ndi hatchi imodzi. Zonse zinkandiyang'ana.

"Zonsezi n'zakufa?"

"Zikakhala moyo eni ake sazijambulitsa."

Kenaka anakoka mipukutu ya mapepala opyapyala pansi pa bedi. Anafunyulula umodzi: mapiri ali m'nkhungu, kamlatho, kamunthu kakang'ono ngati nyerere katasenza nkhuni, zonse za inki yakuda basi. Anandiuza kuti kwawo anaphunzira luso limeneli kuyambira ali mwana, mpaka ankaliphunzitsa pakoleji. Atabwera kuno ankayala zithunzizo pamsika. Anthu ankaima, kuyamikira, n'kumapita. Tsiku lina munthu wina anawafunsa ngati angamujambulire galu wake yemwe anagundidwa ndi galimoto.

"Kuyambira pamenepo lendi amandilipirira ndi agalu," anatero. "Mwana wanga wamkazi kwathu ali pasukulu chifukwa cha iwowa."

"Nanga mapiriwa?"

Anangopindanso pepalalo n'kulibwezera pansi pa bedi.

Ndinatsika kubwerera kuchipinda kwanga. Bambo anga anamwalira ku Ntcheu osasiya chithunzi ngakhale chimodzi, moti nkhope yawo inali itayamba kundithawa m'mutu. Apa galu anali kujambulidwa ndi mphunzitsi wa pakoleji.

Patapita milungu ingapo mayi aja anabwera kudzatenga chithunzi chawo. Atachivundukula anagwada pansi m'kolido, n'kuyamba kuchipsompsona akuitana dzina la galuyo. Bambo aja anaima poteropo manja ali kumbuyo, akuyang'ana pansi, mpaka mayiwo atatonthola. Kenaka anawanyamulira chithunzicho mpaka pokwerera basi.

Madzulo ake ndinaimbira foni mng'ono wanga ku Lilongwe n'kumufotokozera zonse.

"Achemwali," anatero, "kuzizirako kukusokonezani mutu. Muzipumako."

Sindinalimbane naye. Bambo aja anasamuka chaka chotsatira, ati agalu anachuluka ndipo chipindacho chinawachepera.