Kuperekeza Mpunga Mpaka ku Lilongwe

"Kodi mpungawo ukufuna chiphaso cha unzika, mmene mukuujambulira kutsogolo ndi kumbuyomu?"

Anandifunsa choncho ndi mayi oyandikana nafe nyumba, ataima pampanda, tsache lili m'manja. Ine ndinali nditagwada pabwalo, mwana kumsana, ndikuzungulira lichero la mpunga ndi foni ngati ndikufunafuna mbali imene kuli nkhope yake. Ndinali nditaupeta kawiri, n'kuyala chitenje changa chopitira kutchalitchi pansi pa lichero kuti chithunzi chikaoneke chaulemu.

"Ukupita ku Lilongwe uwu, mama," ndinawayankha. "Anthu akumeneko amayamba adya ndi maso."

"Oo. Ukakafika ukatiperekereko moni," anatero, n'kupitiriza kusesa.

Kwathu ndi ku Kaporo, m'boma la Karonga, kumene madzi amatipatsa mpunga, kenaka n'kubwera m'nyumba kudzaona mmene tausungira. Chaka chimene ndinali woyembekezera analowa mpaka kufika m'akakolo, mphasa yathu n'kuyandama. Mwana atabadwa ndinalumbira kuti mvula yotsatirayo sidzamupeza akugona pansi. Ndinapita kwa kalipentala wa pamsewu, ndipo anandiuza kuti bedi la miyendo yaitali, lamatabwa olimba, ndi K160,000.

Titapatula wakudya ndi wambewu, tinatsala ndi ndowa zitatu za Kilombero wopuntha kale. Venda amene amazungulira m'mudzi ndi ndowa yake yotupa m'mimba ija anati agula pa K50,000 iliyonse. Zonse pamodzi K150,000. Pankaperewera K10,000 yokha basi. Munthu wanzeru akanagulitsa nkhuku ziwiri, kapena akanapita kukakhala pakhomo pa kalipentala mpaka amve chisoni. Koma ine ndinali nditangolandira foni yamakono yogwiritsidwapo kale ntchito, imene mlamu wanga anandigulira ku Kyela, kutsidya kwa malire, ndipo munthu amene wangopeza foni amaona ngati wapezanso nzeru.

Amene anandionetsa msika wa pa foni ndi aphunzitsi aakazi a pasukulu ya pulayimale yapafupi, ochokera ku Ntcheu. Anandionetsa anthu akugulitsa nsapato, mapoto, uchi, ngakhale mbuzi. Anandilembetsa, n'kumandiwerengera Chingelezi chake chifukwa changa chinathera sitandade 7. Tinaika mtengo wa K65,000 pa ndowa. Kenaka panabwera funso lakuti mtengo wotumizira katundu alipire ndani, wogula kapena wogulitsa.

"Apa dinani wogula," anatero aphunzitsi.

Ine ndinachita manyazi m'malo mwawo. Kwathu kuno mlendo ukamupatsa mpunga kapena mkoko wa nthochi, sumusenzetsa pakhomo pako. Umasenza wekha, n'kumuperekeza mpaka kumsewu, ndipo amalandira katundu wake galimoto itaima kale. Mkazi amene amasiya mlendo akudzandira ndi katundu kuchokera pakhonde amakambidwa kuchitsime mlungu wathunthu. Ndiye munthu wandigula ndowa yonse, ine ndimuuze kuti adzisenzere?

"Ayi aphunzitsi, ndilipira ine. Tisaoneke ngati sitinaleredwe."

"Amake mwana, Lilongwe si pamsewu apa."

"Ndikudziwa. Ndidzapatsira kondakitala wa basi, ngati mmene timatumizira kwa achibale."

Anandiyang'ana, n'kutsegula pakamwa, koma belu la sukulu linalira. Anadina pamene ndinkafunapo n'kuthamangira m'kalasi. Pansi pake panali timalemba ting'onoting'ono tambirimbiri. Timeneto sitinatiwerenge.

Kudikira ndimakutha. Ndinadikira masiku anayi, ndikuyang'ana foni pophika, poyamwitsa, ngakhale pochapa matewera. Tsiku lachisanu inalira. Anali mayi wina wa ku Lilongwe, namwino, amene anati anagwirapo ntchito kuno ku Karonga zaka zapitazo ndipo fungo la Kilombero weniweni silimuchoka m'mphuno. Anatenga ndowa zonse zitatu osanenerera n'komwe. Analembanso kuti wasowa kondowole, nsima yathu ya chinangwa ija. Ndalama analipira kumsikako, ndipo eni msika anati azisunga mpaka katundu akafike.

Ndinavina pabwalo mwana ali kumsana, mpaka anabwezako mkaka.

Bambo a mwana atabwera kuchokera kumunda anangofunsa mawu amodzi. "Wawerengera?"

"Ndawerengera, dada."

Sindinaname. Ndinali nditachotsa K160,000 pa K195,000, n'kupeza K35,000. Imeneyo ndinali nditaigwiritsa kale ntchito m'mutu mwanga katatu: ulendo woyamba ndinagula kamatiresi, wachiwiri nsapato za mwana amene anali asanayambe n'kukwawa komwe, wachitatu mafuta odzola onunkhira.

Poyeza mpunga ndinayeza mmene amayi anandiphunzitsira. Ndowa imadzaza mpaka pamwamba patatumphuka ngati chulu, ndipo umathirabe mpaka mpunga uyambe kutsetsereka wokha. Ukatero umaonjezera basela, kambale kamodzi pa ndowa iliyonse, kuti wogula adzabwerenso. Popeza mayiyo anatchula kondowole, ndinamangiranso makaka a chinangwa m'kathumba, n'kumulembera uthenga kuti ndamuikira kamphatso. Anandiyankha ndi timitima tofiira titatu. Mtima wanga unadzaza kuposa ndowa.

Madzulo ake aphunzitsi anabwera akupukusa mutu. Anali atawerenga timalemba tija. Za kondakitala zinali zosatheka. Eni msika ankafuna lisiti yokhala ndi nambala, yochokera ku ofesi yotumiza katundu imene amagwira nayo ntchito, ndipo ofesiyo inali ku boma.

"Palibe kanthu," ndinatero. "Ku boma si kunja kwa dziko."

Ndinatapa K20,000 m'chitini chimene bambo a mwana amasungamo ndalama ya feteleza, ndikuti ndidzabweza ndalama zikafika. Bando ya foni inadya K2,000 ya mmenemo. Matumba awiri atsopano ndi ulusi wosokera, K3,000. Mmawa wake wakabaza anatenga matumba kukafika kumsewu. Mu minibasi kondakitala anayang'ana matumbawo n'kunena kuti, "Awa ndi anthu awiri, mama, angosowa miyendo." Ndinawalipirira ngati anthu. Ku depoti ya ku boma wakabaza wina anawatengera ku ofesi. Kupita ndi kubwera, ine ndi alendo anga opanda miyendowo, K15,000.

Mu ofesimo munali kalaliki wa Chichewa chosalala cha kuchigawo chapakati, ndi sikelo yaikulu yachitsulo. Moyo wanga wonse mpunga ndakhala ndikuuyeza ndi ndowa, ndipo ndowa ili ndi chifundo. Sikelo ilibe m'bale. Anakweza matumba, manambala ofiira n'kuthamangathamanga, n'kuima.

"Makilo 66, mayi. Pa K700 kilo imodzi. Ndi K46,200."

Ndinaseka, poganiza kuti akucheza. Iye sanaseke.

"Achimwene, ndi ndowa zitatu zokha izi."

"Ndowa zanu n'zonenepa, mayi. Ndowa zitatu zimakhala makilo 60 zikachulukitsa. Enawa achokera kuti?"

"Ameneyo ndi basela. Ndi timakaka pang'ono."

"Basela?" Anatembenukira mnzake amene ankamata mapepala pamakatoni. "Wamva? Basela akukwera galimoto kupita ku Lilongwe." Kenaka anandiyang'ana mwachifundo ndithu. "Mayi, galimoto sidziwa basela. Makilo asanu ndi limodziwa akudyerani K4,200. Masulani thumba muchotse, mukadye ndi ana kunyumba."

Ndinayang'ana thumba lija, msoko wanga wokongola uja. Ndinakumbukira timitima tofiira titatu. Ndikanamuuza chiyani mayi uja? Kuti mphatso yako ndaibweza panjira?

"Ayi, zisiyeni. Ndinamulonjeza kale."

"Chabwino, bwana," anatero, n'kulemba. Ndi tsiku lokhalo m'moyo wanga limene munthu wa mu ofesi ananditchula kuti bwana, ndipo ndinalilipirira.

Ndinamasula mfundo ya chitenje, koma panali yokwerera minibasi yokha. Mwana naye anayamba kulira ngati wamva mtengowo. Kalaliki ataona nkhope yanga anati, "Musadandaule mayi, pano simulipira kanthu. Eni msika achotsa okha pa ndalama zanu."

Ndipo ine, mayi wa mwana mmodzi, wamutu wabwinobwino, ndinawomba m'manja n'kugwada pang'ono. "Ndagha, ndagha, zikomo kwambiri." Ndinatuluka mu ofesimo mtima uli mbee, ngati andikhululukira. Ndalama imene sunaigwire m'manja siipweteka ikamachoka. Imadzapweteka pambuyo pake.

Patapita masiku atatu namwino uja analemba kuti katundu wafika, nyumba yonse ikununkhira Karonga, ndipo wagawirako anzake a kuntchito. Tsiku lotsatira foni inalira kuti ndalama zalowa. Ndinapukuta manja, n'kukhala pansi bwinobwino kuti ndione K195,000 yanga, ngakhale ndinkadziwa kuti ibwera yolumidwa. Panalembedwa K129,300.

Ndinathamangira kusukulu, n'kudikira pansi pa mtengo mpaka nthawi yopuma.

"Aphunzitsi, andibera. Ya galimoto ndikuidziwa, koma pali K19,500 ina yasowa."

Anatenga foni, n'kuitsetsereza ndi chala. "Sanakubereni. Pa K100 iliyonse, K10 ndi ya eni msika. Zili m'timalemba tija."

"Ya chiyani? Anasesapo pamsikapo? Pali denga? Kumsika kwathu timalipira tikiti, koma mthunzi timauona."

"Ndi mmene amadyera iwowo, amake mwana."

"Ndiye adya pa ndalama yonse, ndi ya galimoto yomwe?"

"Pa mtengo umene munalemba. Mukanadina wogula paja, ya galimoto ikanakhala yake."

Sananene kuti ndinakuuzani. Ndi aulemu aphunzitsi aja. Ndinadziuza ndekha pobwerera kuti safunsa anadya phula, koma ine ndinachita kuposa pamenepo, chifukwa ndinauzidwa osafunsa n'komwe, phulalo n'kudyabe.

Kwa ejenti wa ndalama za pa foni, kuti manambala asanduke mapepala, panachokanso K4,000. Ndinabweza K20,000 m'chitini cha feteleza bambo a mwana akuyang'ana. Anangowerenga, n'kutseka chitini, n'kundifunsa ngati ndadya. Kukalipa kukanandipepukira kuposa funso limenelo.

Foni inaliranso. Namwino anali atandipatsa nyenyezi zisanu pamsika paja, n'kulemba kuti sanaonepo wogulitsa wamtima wabwino chotere, ndipo anzake anayi akufuna ndowa imodzi imodzi pa mtengo womwewo, yofikitsidwa chimodzimodzi. Ndinawaonetsa mayi oyandikana nafe aja. Anayang'anitsitsa foni atatalikitsa dzanja.

"Zokongola. Ndiye nyenyezizi kalipentala amalandira?"

Sanalandire. Ndinapitabe ndi zimene zinatsala, n'kuziyala pa benchi yake. Anaziwerenga kawiri, n'kukanda m'mutu ndi pensulo.

"Mlongo wanga, ndi izi ndingakupangire miyendo inayi ndi kumutu. Pogonapo udzabwere ukakololanso."

Ndinamufunsa ngati angachotseko pang'ono. Anati akanachotsa K10,000 mosavuta, poti ndine wa konkuno, koma K50,000 ndi kanthu sangathe, matabwa anakwera. Ndinaima pamenepo ndikumva mawu akuti K10,000 akulira m'makutu. Ndinapinda ndalama zanga, n'kutsanzika mwaulemu.

Anzake a namwino ndinawayankha kuti mpunga watha, zimene zinali zoona. Mvula itayandikira, bambo a mwana anazula chitseko chakale cha kukhitchini, n'kuchigoneka pa njerwa zosanjikiza, ine n'kuyalapo mphasa ndi bulangete. Mwana anagona pamenepo dzinja lonse, ine pambali pake dzanja lili pa iye kuti angagubuduke. Khitchini inakhala yosatseka, nkhuku n'kumalowa mmene zafunira.

Namwino analipira K195,000. Eni msika anatenga K19,500, otumiza katundu K46,200, ejenti K4,000. Maulendo, matumba ndi bando, K20,000. Ine ndinatsala ndi K105,300. Venda akanandipatsa K150,000 nditakhala pakhonde panga. Ndinataya K44,700, mbale zitatu za mpunga, kathumba ka makaka, ndi bedi.