Phunziro langa la pa intaneti linaumitsa mbande za kwathu

Ndinaumitsa mbande za mpunga za anthu a m'mudzi mwathu ndili mu ofesi ku Lilongwe, osaponda n'komwe m'munda, ndipo amene anasenza mlandu wake ndi bambo anga. Inu owerenga, makamaka anzanga opanga mapulogalamu a pakompyuta, ndikupemphani kuti mundimvere mpaka ndimalize, chifukwa chimene ndinachita ine ambiri mumachichita tsiku ndi tsiku, kungoti simunapsebe.

Kwathu ndi kufupi ndi Golomoti. Ntchito yanga ndi yolemba mbali ya pulogalamu imene anthu saiona, ija timaitcha bakendi, imene imasunga zinthu pa seva, kompyuta yaikulu ya pa intaneti, n'kumatumiza mauthenga. Ndikaweruka ndinkapanga timapulogalamu tanga tapadera, n'kumatiika poyera pa intaneti pamodzi ndi maphunziro olemba m'Chichewa. Achinyamata anayamba kunditcha aphunzitsi. Ndisakunamizeni, dzinali linkandikoma kuposa ntchito imene inkandidyetsa, ndipo mutu unakula.

Bambo anga ndi amene anasankhidwa kusunga kiyi wa geti la madzi pa kasikimu kathu ka mpunga. Madzi akachepa amagawidwa mosinthana, gulu la kumtunda masiku ake, gulu la kumunsi masiku ake. Kale bambo ankazungulira pa njinga kuuza anthu tsiku lawo, koma bondo litayamba kuwavuta ndinawapangira kapulogalamu. Iwo ankangolemba uthenga umodzi pa foni yawo, seva n'kuumwaza kwa alimi onse a gululo, dzina lawo lili kumapeto. Kanagwira bwino ntchito mpaka anthu anasiya kufunsana. Foni ikalira, kwa iwo anali ngati bambo aima pakhomo n'kulankhula.

Chaka chimenecho mvula inadula mu Januwale. Madzi mu mtsinje anachepa, mbande zinayamba kukulira pa nazale, ndipo aliyense mtima unali m'mwamba kudikira madzi oti awokere. Ine za kumudzizo ndinkangozimva pa foni. Chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti mnyamata wina anali atayamba kuphunzitsa zofanana ndi zanga, ndipo anthu ankamuyamikira. Ndinati ndimuonetse kuti ine ndili ndi pulogalamu imene alimi enieni akugwiritsa ntchito, osati zoseweretsa.

Lachisanu masana, nthawi ya nkhomaliro, ndinatenga kodi, ndiye kuti malemba onse amene amapanga pulogalamu ya bambo, n'kuiika poyera, ndi phunziro la momwe seva imatumizira uthenga kwa anthu ambiri nthawi imodzi. Aliyense wa ntchito yathuyi amadziwa kuti usanaike kodi poyera umachotsamo mawu achinsinsi otsegulira seva, ndipo ophunzira umawapatsa seva yoyeserera. Ineyo ndinali nditalalikira zimenezi kangapo, mpaka kuseka anzanga amene anaiwala. Tsikulo ndinathamanga. Mawu achinsinsi anatsala momwemo, kodi ikuloza ku seva yeniyeni, ndipo ngati chitsanzo ndinakoperamo uthenga wakale wa bambo wakuti: A gulu la kumunsi, madzi afika mawa m'mawa, konzekani. Dzina lawo linali pomwepo.

Pasanapite nthawi wophunzira wina wa ku Mzuzu analemba kuti, “Zatheka aphunzitsi, yandiyankha kuti uthenga wapita.” Ndinamuyamikira kuti ndi wochangamuka. Enanso anayesa, nawonso zinatheka, ine n'kumangomwetulira pa mpando ngati mwana amene wagulidwira nsapato. Sindinadzifunse ngakhale kamodzi kuti uthengawo wapita kwa ndani.

Kwathu, munthu akadziwa kuti madzi alowa mawa, amazula mbande madzulo ake, n'kuzimanga m'mitolo, n'kuitana abale kuti kukacha adzathandize kuwokera dothi lisanaumenso. Anthu a kumunsi atalandira uthengawo, n'kuulandiranso, n'kuulandiranso, anati bambo akutsindika kuti asachedwe. Anazula nazale zonse. Bambo anali ku maliro ku Mtakataka, foni atazimitsa, ndipo amene anayesa kuwaimbira atalephera kuwapeza anangoti basi, uthenga walembedwa kale. Chilungamo chake, sabata imeneyo madzi anali a gulu la kumtunda. A kumunsi anayenera kudikira mpaka sabata yotsatira.

Loweruka m'mawa bambo anandiimbira. Kumbuyo kwawo kunkamveka phokoso la anthu ambiri. Anandifunsa modekha ngati makina anga angalankhule okha. Nditatsegula laputopu n'kuona mauthenga amene anatuluka, ndinazindikira kuti onse anachokera ku phunziro langa lija. Kusintha mawu achinsinsi aja kunanditengera kanthawi kochepa kuposa kumwa kapu ya tiyi, ndipo n'chimene chimandipweteka mpaka lero. Ndinakwera minibasi, ndipo potsika msewu wa Khwekhwerere ndinkangopemphera kuti kugwe mvula, koma kumwamba kunali mbee.

Ndinafika dzuwa lili paliwombo. Mitolo ya mbande inali mbwee m'mbali mwa minda, masamba atapindika kale. Azimayi ankathamanga ndi ndowa kuchokera ku mjigo kudzawaza, koma mjigo umodzi sungamwetse nazale za gulu lonse. Nanenso ndinavula nsapato zanga za m'tauni n'kusenza ndowa, mapewa mpaka kusupuka. Kenako ndinathamangira kwa akuluakulu a gulu la kumtunda. Ndinagwada pa dothi kuwapempha kuti abwereke anzawo madzi tsiku limodzi lokha. Anandionetsa minda yawo itang'ambika, mpunga wongowokedwa kumene ukufota, n'kundifunsa kuti ndisankhe ndekha mpunga woti ufe.

Pobwerera ndinapeza anyamata a kumunsi atanyamula nyundo kuti akathyole loko wa geti. Bambo anali atakhala pamwamba pa getilo, mwendo wodwala uja atautambasula, kiyi ali m'manja. Ndinaimirira pakati n'kuyamba kufotokoza za kodi, za seva, za wophunzira wa ku Mzuzu amene sankadziwa kuti akulankhula ndi alimi. Mawu anga ankamveka opusa ngakhale m'makutu mwanga. AnaJere, mayi wamasiye amene munda wake unagundana ndi wathu, anandidula.

“Mwana wanga, za kompyuta zakozo ine sindikuzimva. Ine ndinawerenga dzina la bambo ako. Nanga tsopano ndidzale chiyani?”

Ndinayembekezera kuti bambo andiloza chala pamaso pa anthu, ndipo ndinkafuna atatero. Iwo anangoti, “Dzina ndi langa, mlandu ndi wanga. Geti ili silitsegulidwa lero. Nazale yanga sinazulidwe, madzi akafika mukagawane.”

Inu owerenga, nazale ya munthu mmodzi siingadzaze minda ya gulu. Sabata yonse ndinakhala kumudzi, kutunga madzi, kufunditsa mitolo ndi udzu, kukwirira mizu m'matope a m'ngalande, kupalasa njinga mpaka kumidzi ya ku Bwanje kupempha mbande zotsala. Ena anandipatsa timitolo, ambiri anati nawonso zawapelewera. Tsiku la a kumunsi litafika, zambiri zinali zitasanduka udzu wouma. Ena anafesanso mochedwa n'kukolola mphwepwa. AnaJere anawokera theka la munda ndi mbande za bambo. Munda wathu unakhala wopanda kanthu chaka chonse, ndipo aliyense wodutsa pa njira ankauona.

Komiti itakumana inalanda bambo kiyi. Ndinapempha kuti ndilankhule, ndinalankhula, ndinalira pamaso pa anthu amene anandiona ndikukula. Wapampando anandimvera mpaka kumapeto, n'kunena kuti iwo sanasankhe ine, anasankha bambo, ndipo munthu amene wapereka pakamwa pake kwa makina a mwana sangasungenso madzi a anthu. Bambo anatulutsa kiyi m'thumba n'kumuika pa tebulo. Munthu amene pa maliro ndi pa ukwati ankapatsidwa mpando kutsogolo, tsopano amadzera njira ya kuseri akamapita ku tchalitchi.

Kuyambira pamenepo sindinalembenso phunziro lililonse. Ophunzira aja amafunsabe kuti aphunzitsi munasowera kuti. Sindikunena kuti kugawana nzeru n'koipa. Ine ndemwe ndinaphunzira ntchitoyi kwa anthu amene ankaika zawo poyera. Koma anzanga, ngati pulogalamu yanu ikugwiritsidwa ntchito ndi anthu enieni, musaitenge kukadzionetsera nayo. Lembani ina yoyeserera, yokhala ndi manambala abodza ndi mayina abodza. Musanaike kodi poyera, iwerengeni mzere ndi mzere, ndipo mupatse mnzanu aiwerengenso ngakhale akusekeni. Wina akakuuzani kuti uthenga wapita, siyani zonse mufunse kuti wapita kuti. Ndipo dzina la munthu wina, makamaka la kholo lanu, musaliike m'chitsanzo, chifukwa kumudzi dzina ndi limene munthu amadyera.

Ndayesa zonse kuti ndikonze. Ndapita khomo ndi khomo kupepesa, ndabwerera ku komiti mpaka anandiuza kuti ndisadzabwerenso. Chimene ndikusowa nacho tulo n'chakuti bambo mpaka lero sanandikalipire. Ndikapita kumudzi amandipatsa moni ngati mlendo, amandifunsa za ulendo, kenako amatenga khasu n'kuchoka. Lamlungu lapitali ndinaimbira mayi, ndipo titacheza ndinawapempha kuti apereke foni kwa ababa. Kenako ndinamva mawu a bambo pafupi pomwepo, otsika koma omveka bwino: “Muuzeni kuti ndatuluka.”