Ndinaika Mbaula Pansi pa Galimoto ya Gasi

Dzanja lamanja la mkazi wanga silitambasuka, ndipo wochititsa ndine. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuuza anthu kuti inali ngozi chabe, koma lero ndikufuna ndinene zoona, kuti inu owerenga amene mumayendetsa galimoto za gasi musadzachite zimene ndinachita ine.

Zinachitika m'nthawi ya chipani chimodzi, petulo akusowa mu Lusaka moti munthu unkafola pamzere kuyambira m'mawa n'kubwerera wopanda ndi dontho lomwe. Ine ndinkayendetsa galimoto ya bokosi ya ba Saidi, mkulu wachisilamu amene makolo ake anachokera ku Malawi, mwini sitolo ya nsalu ku Kamwala. Atatopa nayo mizereyo, anapereka galimoto kwa ba Mwale, makanika wa kwathu ku Kabwata, kuti ayiike gasi. Kumbuyo anamangirira thanki, ndipo pambali pa injini anaika kachipangizo konga kabakuli kotchedwa legyuleta, kamene kamasandutsa gasi wamadzi kukhala mpweya woti injini iwotche. Ba Mwale anandifotokozera zambiri tsiku limenelo, koma ine ndinkangogwedeza mutu, maganizo ali kwina. Ndi mmene ndinabadwira, munthu wolota ndili maso.

Ndipo galimotoyo inkalotetsadi. Pa gasi inkayenda myaa, yopanda utsi, yopanda phokoso. Ndikakasiya nsalu kwa atelala a ku Chelstone, pobwerera ndinkazungulira dala kudzera ku Kabulonga ndi ku Woodlands, pang'onopang'ono, chigongono chili pawindo, ndikusuzumira nyumba zobisika m'mipanda ya maluwa. Ndinkasankhako yanga, ya khonde lalitali, n'kuikamo mipando, n'kudzala mapapaya kuseri. Mkazi wanga Esinati ankaluka majuzi, ndipo amayi a m'nyumba zomwezo ankamuitanitsa a ana awo a sukulu. Zala zake zinkathamanga moti singano sunkaziona bwinobwino, unkangomva tiki tiki uku iye akucheza nawe. M'maloto angawo ndinali nditamutsegulira kale sitolo ya galasi lalikulu m'tauni, majuzi ofiira ndi obiriwira atapachikidwa mumzere, anthu akuima panja kumasirira.

Itafika Juni, mphepo yozizira ija itayamba, galimoto inayamba kuzima. M'mawa inkalira bwinobwino, koma ndikangoyenda pang'ono n'kuima pa mphambano, injini inkanjenjemera n'kungoti zii. Ndikadikira kanthawi inkaliranso, n'kukazimanso patsogolo. Tsiku lina ndinatsegula boneti ndipo ndinapeza legyuleta itayera mbuu ndi chisanu, ngati yowazidwa ufa. Ndinaima pamenepo kumachisirira, ndikuchikhudza ndi chala, ndikuganiza za mayiko akutali amene tinkawaona pa makadi a Khirisimasi. Galimoto inkandiuza matenda ake poyera, ine n'kumaona zokongola.

Kwa ba Mwale kunali kongoyenda pansi, koma sindinapiteko. Ndinkaopa kuti ba Saidi akamva anena kuti ndawononga galimoto n'kuipatsa dalaivala wina, komanso kunyumba ndinali nditadzitama kale kuti za injini ndimazidziwa. Choncho ndinayamba kuchita zanga. Ndinapotokola kabawuti ka pa legyuleta kuti gasi azipita wambiri, koma zinangoipiraipira. Kenako ndinati mwina paipi yatsekeka, ndinaizula, ndinauziramo ndi pakamwa, ndipo poibwezera kachitsulo komangira kanathyoka, ine n'kungomanga ndi waya.

M'mawa wa Loweruka lina galimoto inazimira pageti penipeni, katundu wa ku Chelstone ali kumbuyo. Apa ndinakumbukira zimene ndinkaona kwa madalaivala a malole a dizilo. Kukazizira, iwo ankaika mbaula pansi pa injini kuti ifunde, ndipo loleyo inkalira. Ndinaona kuti ndatulukira nzeru. Esinati anali pakhomo akuwiritsa madzi a tiyi, juzi losamaliza lili pamiyendo, ndipo ndinamulanda mbaulayo n'kuilowetsa pansi pa galimoto. Makala anali asanayake bwino, ndiye ndinamuuza kuti agwade azikupiza ndi chivundikiro cha poto, ine ndikalize injini.

"Imwe, si gasi iyi inunkha? Itanani ba Mwale, bali pafupi," anatero iye atagwada kale.

"Amake Lute, kupizani chabe. Niziba vamene nichita," ndinamuyankha, ndikumuitana ndi dzina la mwana wathu.

Mawu amenewo ndimawamvabe. Ndinakhala pampando, ndinapotokola kiyi, ndipo ndikukumbukira kuti dzuwa linali litangowala pagalasi, maganizo anga ali kale pa msewu wa ku Kabulonga. Ndinangomva kuti bvuu, moto wabuluu n'kutuluka mbali zonse za galimoto. Sunachedwe, unali ngati munthu wakung'unutsa bulangete kamodzi. Potuluka ndinapeza Esinati ali pansi, mkono wa juzi limene anavala ukuyaka, ulusi ukusungunukira pakhungu. Anansi anathamanga ndi mchenga ndi masaka onyowa, ndipo bambo wina wolimba mtima anakwera kumbuyo n'kutseka thanki. Akanachedwa, sindikudziwa ngati mzere wathu wa nyumba ukanatsala.

Esinati anagona m'chipatala milungu yambiri. Nkhope inachira, koma zala zitatu zinapindikira m'chikhatho ndipo sizinabwerere.

Ba Mwale anabwera kudzakoka galimoto tsiku lotsatira. Sanandikalipire. Anatsegula chotsekera cha rediyeta, anasuzumiramo, n'kundiitana kuti nane ndione. Munali gwaa.

"Mwana, manzi munalibe umu. Legyuleta ifuna manzi yakupya yochoka ku injini, ikasowa igwila chisanu, motoka yazima. Jagi imozi chabe sembe nkhani inasila."

Ankatanthauza kuti jagi imodzi ya madzi ikanathetsa vuto lonse. Anandionetsa mapaipi awiri amene amazunguliza madzi otentha m'kachipangizoko, omwe aja anandionetsa tsiku loyamba ine ndikulota. Anandionetsanso waya wanga, pamene gasi ankatulukira. Anati gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, akatuluka sakwera m'mwamba koma amatsikira pansi n'kudikha, ndipo pansipo ndi pamene ndinaika moto ndi mkazi wanga. Ndinakhala pamwala n'kulira ngati mwana, anthu akuona. Ba Saidi sanandichotse ntchito, koma ine ndinaisiya ndekha n'kukawabwezera kiyi wawo.

Inu owerenga, galimoto ya gasi ikamazima, makamaka kukazizira, yambani mwaona madzi a mu rediyeta injini itazizira, ndipo muone ngati mapaipi opita ku legyuleta akufunda injini ikamalira. Mukaona chisanu, dziwani kuti madzi otentha sakufikako. Ngati muli ndi petulo pang'ono, lizani ndi petuloyo, injini ifunde kaye musanasinthire ku gasi. Paipi ya gasi simangidwa ndi waya, ndipo malo okayikitsa amayesedwa ndi thovu la sopo, osati machesi. Mukamva fungo tsekani thanki, chotsani anthu, itanani makanika. Za madalaivala a dizilo zisiyeni kwa a dizilo. Koposa zonse, munthu wa m'nyumba mwanu akati pakununkha, mumvereni, chifukwa manyazi ovomera kuti simukudziwa amatha tsiku lomwelo.

Esinati sanalukenso. Singano zake anapatsa mng'ono wake, ndipo amayi a ku Woodlands anapeza wowalukira wina. Lamlungu lililonse tisanapite ku Misa ndimamumanga mabatani a bulauzi, iye akuyang'ana kumbali, ndipo mpaka lero sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi. Ndikanakonda akananditukwana.