Thabwa la Bartolomeyo

A Lázaro a ku Chiwanga matenda awo ndi galimoto. Injini ikalira patali amasiya nkhani pakati nkutchera khutu, ndipo amakuuzani mtundu wake isanatulukire. Yawo ndi yakale koma ya nyonga, mtundu umene ku Niassa kuno unabwera wowerengeka. Ntchito yake nkunyamula usipa kupita nawo ku Metangula.

Kutsogolo kwake, pamalo pa chizindikiro cha kampani, pali thabwa lobiriwira lolembedwa kuti "Ndikubwera". Kubanja kwawo boti likasweka dzina lake satayira kumodzi, thabwa la dzinalo limapita pa boti la mbale. Mphepo ya mwera itameza mng'ono wawo Bartolomeyo ndi boti lake, nyanja inabweza thabwa lokhalo. A Lázaro analibe boti, choncho anazula chizindikiro nkumangapo thabwa ndi mabauti.

Ku Lichinga kuli kalabu ya eni galimoto za mtundu womwewo, anthu onyada, osalola za mtundu wina kuima pafupi ndi zawo. A Lázaro anailakalaka kalabuyi zaka zambiri, mpaka akazi awo a Mércia ankawaseka kuti adzafera pa zithunzi za kalabuyo za m'foni. Tsiku lina kalabu yonse inatsikira kunyanja, galimoto zonyezimira zitandanda pamchenga. A Lázaro anatsuka yawo kawiri, nkuvala malaya a kutchalitchi.

Mtsogoleri wawo, a José Luís, anatsegula boneti nkugwira pakamwa.

"Iyi ndi orijinale, bambo. Zathuzi ndi zidzukulu zake. Lero mutitsogolere ndinu."

Mtima wa a Lázaro unadumpha, ndipo sanabise.

"Koma thabwali lichoke," anapitiriza a José Luís. "Marika ndi marika, dzina la kampani lizioneka. Chizindikiro ndili nacho, tikumangirani pompano."

Sanali munthu woipa, kungoti sanafunse. Mnzawo wina anali atagwira kale sipanala pa bauti yoyamba. A Lázaro anamugwira dzanja.

"Siyani, senyoro. Ameneyo ndi mng'ono wanga."

Anawafotokozera zonse. A José Luís anapepesa kuchokera pansi pa mtima, kenako anati thabwalo likhoza kukhala m'kati, pampando, popeza lamulo la kalabu silisintha.

"M'kati? Dzina la boti limakhala kutsogolo, ndilo limayamba kukumana ndi mafunde. Kampani yanuyo inabwera pamaliro?"

A Lázaro anatseka boneti okha. Zinawawawa, tisaname, chifukwa malo amene anawalota anali pomwepo, kutsogolo kwa mzere. Anakweza matumba a usipa anthu onse akuona, nkudutsa galimoto zonyezimirazo pang'onopang'ono, fungo likutsalira m'mbuyo.

Mpaka lero sali m'kalabu, ndipo zithunzi zija anafufuta. Akamatsika phiri kuchokera ku Metangula, mayi awo okalamba amatuluka kukaima pakhomo. Chizindikiro cha kampani sachidziwa, ndipo zilembo zomwe amatha kuwerenga ndi za pathabwa zokhazo.