Nkhalango ya aNambewe ndi Agwape a aPhiri

Ndikakumbukira agogo aNambewe, mayi a mayi anga, chimene chimayamba kundifika ndi fungo la utuchi wa mlombwa. Kuno ku Ruaka, kudziko la eni kumene ndimakhala, m'mbali mwa msewu muli mafundi opala matabwa, ndipo ndikatsika minibasi, imene kuno amati matatu, n'kudutsa pa mashedi awo, mphuno zimandibwezera ku Dedza, kuseri kwa nyumba yathu, kumene agogo ankayenda m'nkhalango mwawo atamanga chitenje m'chiuno, chitini cha laimu kudzanja, akugogoda mitengo ndi chikwanje ngati munthu wosankha maungu pamsika.

Nkhalangoyo inali yawo ndithu, yowasiyira mayi awo. Agogo aamuna, aPhiri, anali mkamwini wochokera ku Ntcheu, ndipo ngakhale anali atakalambira pamudzipo, pa nkhani ya malo mawu omaliza anali a aNambewe. Iwo mtima wawo unali pa agwape. Chilimwe chikafika ankadzuka mame asanakamuke, kupukuta mfuti yawo ya gogodera ndi kansanza ka mafuta, n'kulowa m'tchire mwakachetechete, galu wawo Tilipo ali pambuyo. Ankapha gwape mmodzi kapena awiri pachaka, osapitirira, ndipo nyama ikamafutsidwa pa waya utsi wake unkamveka mudzi wonse.

"Mlenje womaliza nyama, ana ake amasaka mbewa," ankatero.

Chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi, mphepo yamkuntho inasasula denga la nyumba yathu, n'kuthyola mitanda yonse. Tinasamukira m'khitchini, anthu asanu ndi mmodzi pamodzi ndi nkhuku, zofunda zikununkha mwaye. Patapita sabata kunabwera bambo wina wa lole kuchokera kuboma. Iye anati atimangira denga la malata, zitseko ndi mawindo omwe, koma timusiyire nkhalango yonse, mitengo ikuluikulu acheke matabwa, yotsalayo akagulitse kwa ochiza fodya.

APhiri anakana munthuyo asanamalize n'kuyankhula komwe. "M'menemo musagwe mtengo ngakhale umodzi. Nkhwangwa ikangolira, agwape apita, ndipo sadzabweranso."

"Ndiye ana awa azigona ndi nkhuku mpaka liti, aPhiri?" anafunsa agogo aakazi. Kenaka anatembenukira wa lole uja. "Inunso bambo, pitani bwino. Denga limodzi silingadye nkhalango yonse."

M'mawa mwake anandidzutsa ine, mdzukulu wawo wamkazi woyamba. Anati malo amenewo tsiku lina adzakhala m'manja mwanga, choncho ndiyambe kuwadziwa. Tinayenda mpaka dzuwa kufika paliwombo, udzu wonyowa ukutikwapula m'miyendo, njiwa zikulira m'mwamba, iwo akuima pa mtengo uliwonse waukulu, kuuzungulira, kuugogoda, kuyang'ana kunsonga kwake, kenaka pansi pake. Chimene ankayang'anitsitsa chinali pansipo. Pamene panali timitengo tating'ono tofooka chifukwa cha mthunzi, ankapaka laimu pa mtengo waukuluwo. Misuku sanaikhudze, poti zipatso zake ndi chakudya cha agwape. Ya m'mbali mwa kamtsinje anaidutsa osaima. Mlombwa wina wowongoka bwino kuposa yonse, umene ine ndinauloza monyadira, anaukana.

"Ameneyo ndi mayi. Ukamudula, mbewu uzikapempha kwa yani?"

Tsikulo anapaka mitengo isanu ndi iwiri yokha.

Anthu awiri ocheka matabwa anakumba dzenje n'kuyamba ntchito, wina pamwamba pa chipika, wina pansi utuchi ukumugwera m'tsitsi. Sowo inalira miyezi iwiri. Milombwa inkatuluka madzi ofiira ngati magazi, ndipo agogo aamuna ankadutsa patali, osayang'anako. Amayi a m'mudzi atabwera kudzatola nkhuni, aNambewe anawalola kutenga nthambi zikuluzikulu zokha. Tinthambi ta kunsonga anati tiunjikidwe pompo, pasapite moto.

Denga linamangidwa, koma zimene aPhiri ananena zinachitikadi. Chilimwe chimenecho anayenda m'nkhalango monse osaona ngakhale phazi la gwape. Anasiya kuseka. Chakudya ankadyera payekha pansi pa mtengo wa mango. Tsiku lina anakoloweka mfuti kuseri kwa chitseko chatsopanocho, n'kukulunga bulangeti lawo, nati akukaona abale awo ku Ntcheu. Tonse tinadziwa kuti si ulendo wa masiku awiri. Amayi anga analira, koma agogo aakazi anangowakazingira mtedza wa panjira.

"Mukatopa kuwaona abalewo, nyumba ino sikudontha," anatero.

Anakhalako dzinja lonse. Agogo aakazi sankawatchula, komabe Loweruka lililonse ankatsitsa mfuti ija, kuipukuta fumbi, n'kuibwezera pamalo pake. Mvula itagwa, malo amene panagwa mitengo aja anasanduka ena. Dzuwa linafika pansi, zitsa zinatulutsa mphukira zofiirira, udzu ndi tizitsamba tanthete zinamera mothinana kuzungulira milu ya nthambi ija. Tsiku lina tikufuna bowa, agogo anagwada n'kundionetsa mphukira zodyedwa kunsonga, ndi timapazi tosongoka ta agwape m'matope, tina tatikulu, tina tating'ono ngati chala changa.

Sanatume mthenga wa mawu ambiri. Anathyola kanthambi kamodzi kodyedwako, n'kupatsa amalume amene ankapita ku Ntcheu. "Ukawapatse aPhiri. Usanene kanthu."

Patapita masiku anayi tinaona aPhiri akutsika njinga ya amalume, bulangeti lili paphewa. Anamwa madzi, n'kulowa m'nkhalango opanda mfuti. Atabwerako anakhala pakhonde, kenaka anati, "Alipo asanu. Wamkazi mmodzi ali ndi mwana."

"Ndamva," anayankha agogo aakazi, akupeta mapira.

Kupepesa kwawo kunali kwa mtundu wawo. Chilimwe chitafika anapha gwape wamphongo mmodzi pafupi ndi chitsa china, ndipo chiwindi, chimene nthawi zonse ankadya okha monga mlenje, anachiwotcha bwinobwino n'kuchiika m'mbale ya aNambewe pamaso pa tonse. Kuyambira pamenepo, pakafunika mtengo ankapita awiri, akutsutsana njira yonse, wina akuyang'ana matabwa, wina njira za nyama.

Onse awiri anatisiya kale. Mfuti ija inaperekedwa kuboma, ndipo pabanja pathu palibenso wosaka, koma nkhalango ilipo ndipo agwape akadalimo. Mwezi wathawu, ndili pa mzere wa magalimoto popita kuntchito, mchimwene wanga Yamikani anaimba foni. Anati kwabwera munthu wofuna matabwa, ndipo atumiza zithunzi kuti ndiloze mitengo yoti idulidwe.

Ndinamuuza kuti zithunzi asavutike nazo. Mtengo sasankhira pa foni, chifukwa chithunzi chimaonetsa thunthu, osati zimene zikudikira pansi pake. Wogulayo adikire mpaka Ogasiti, ndipo ngati sangathe, apite kwina. Tchuthi ndapempha kale. Ndidzapita ndi mwana wanga Tadala, amene anabadwira kuno ndipo Chiswahili chimamuthamangira pakamwa kuposa Chichewa. Nyama amazidziwa zoonera pawindo la galimoto kumalo osungirako nyama ku Lang'ata. Tikafika ndidzamudzutsa m'mamawa, tidzayende wapansi, ndipo sitidzasankha mtengo ngakhale umodzi iye asanapeze yekha phazi la gwape.