Kiyi wa ku nkhalango ya agologolo

Chimene chinayamba kundikwiyitsa mumzinda wa Hull muno, ku Mangalande kuno, si mphepo ayi, ngakhale nayonso ili ndi mwano wake. Anali agologolo. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimasambitsa ndi kudyetsa anthu, ndinadutsa papaki n'kupeza mayi wina wachizungu atanjuta, akudyetsa gologolo mtedza pamanja. Gologolo wake wonenepa ngati mphaka wa kubutchala. Ndinaima n'kumangoyang'ana. Kwathu ku Ntchisi ndinakula ndikuthamangitsa tinyama timeneti ndi legeni ndi agalu, tsiku lonse, minga ili thoo m'mapazi, kuti mwina ugwire kamodzi kouma ngati chikuni. Kuno ndiwo imabwera yokha, n'kuima ndi miyendo iwiri, kumapempha.

Nditafika ndinawauza mayi a kunyumba. Sanatembenuke n'komwe.

"Abambo, viza yathu ndi yosamalira okalamba. Mukakhudza kanthu m'pakimo, mukafotokoza nokha kupolisi. Ine sindikudziwani."

Kutchalitchi kwathu kuli bambo wina wachizungu wachikulire, madala opuma pantchito, okonda kuima pafupi ndi tiyi mapemphero akatha. Madala amenewa ali ndi kankhalango kunja kwa mzinda, kumene basi imakusiya pamsewu n'kuyenda pang'ono pakati pa minda. Lamulungu lina ndinawamva akudandaula kuti agologolo akusenda makungwa a mitengo ing'onoing'ono imene anadzala, ndipo mitengoyo ikuuma nsonga. Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Ndinaika kapu pansi n'kunena kuti, "Vuto limenelo ndipatseni ine."

Anandifotokozera lamulo lake. Agologolo otuwawa si a kuno, anachita kubwera nawo kuchokera ku America, ndiye kuwapha n'kololedwa ngati mwini malo wavomera. Akakodwa sumawamasula, kuwamasula ndiwo mlandu. Misampha uziiona tsiku ndi tsiku. Anandibwereka misampha yawaya yonga timakola, n'kundipatsa kiyi wa loko wa pageti.

"Tiyeseko," anatero. "Zikakanika, pali bambo wina wa mfuti ya mpweya amene wakhala akupempha malowa."

Munthu amene sanagwirepo ntchito yathu sangamvetse za kiyi ameneyu. Kuntchito umauzidwa chilichonse: poima, nthawi yopuma, magolovesi ovala, mawu onena kwa munthu amene wangokulavulira phala kumaso. Kunyumba ukaseka kwambiri woyandikana naye amagogoda khoma. Koma kunkhalango kuja ndinkatsegula geti, kulowa, n'kukhoma loko kumbuyo kwanga. Palibe belu, palibe wondiitana. Fungo la dothi ndi masamba owola basi. Chibwerereni m'dziko lino, malo amene ndinkayenda ngati munthu wamkulu anali amenewo. Sindinkafuna kuti apite kwa wa mfuti ya mpweya.

Kiyi ndinalandira chakumapeto kwa Ogasiti. Madala aja anati ndisavutike msanga, ndidzayambe mu Malichi. Ndinaseka. Malichi? Ndani amasaka nyama nthawi ya njala? Kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti uzimba umabwera anthu atakolola. Mbewa zimakhala zanenepa ndi chimanga chotsalira m'munda, tchire lauma, mwalitentha, una uliwonse ukuonekera poyera. Ndili m'basi ndinkaona ndi maso angawa kuti tirigu amweta, minda yangotsala ziputu. Ndinati nyengo ndi inoyi, madalawa amadziwa mitengo koma ulenje sakuudziwa. Ndinakangana ndi manijala mpaka anandipatsa holide yanga yonse mu Okutobala. Mnzanga wina wa ku Chipata, amene timagwira limodzi ntchito, nayenso anatengako masiku kuti tizipita awiri.

Tinatchera misampha patsinde pa mitengo ikuluikulu imene kuno amaitcha oki, tinathiramo chimanga chachikasu, tinafunditsa masamba pamwamba. M'mawa mwake munalibe kanthu. Mkuja wake chimodzimodzi. Agologolo analipo, ambirimbiri, akuthamangitsana m'nthambi pamutu pathu. Koma mitengo ya oki imabereka tinjere tonga mtedza tovala kachipewa, ndipo chaka chimenecho inabereka ngati yapenga. Pansi ponse panali tinjere tokhatokha, ukaponda umatsetsereka. Gologolo wokhuta angalowe m'khola chifukwa cha chimanga? Wina ndinamupeza atakhala pamwamba pa msampha wanga weniweniwo, akudya kanjere kake, makoko akugwera mkati. Ndinamugenda ndi chibuma. Anangosuntha pang'ono n'kupitiriza kudya.

Chimanga chinkatha ndithu. Zinkadya ndi mbewa, zolowera m'mipata ya waya.

"Ba mudala," anatero mnzanga uja, madzi akutsika m'chipewa chake, "manje apa tabwera kusaka, olo tabwera kudyesa mbeba za muzungu?"

"Khalani chete, achimwene. Inu a ku Chipata ulenje wanu ndi wa m'mbale."

"Nizakamba. Holide yanga yasila, nagwira chabe chimfine."

Ndiye mvula yake. Mvula ya kwathu imabwera ndi ukali, imakumenya, n'kupita, dzuwa n'kutuluka. Ya kuno ndi mawawa opanda manyazi, sagwa kwenikweni komanso sasiya, amangokulowa m'khosi mwa jekete pang'onopang'ono. Tsiku lina madala aja atabwera kudzationa ndinawafunsa ngati ndingatenthe udzu wa m'mphepete kuti ndione njira za tinyamato. Nkhope yawo inayera kuposa mmene inalili. Anatchula ozimitsa moto, anatchula apolisi. Ankavutika chabe. Udzu umenewo ngakhale mutauthira palafini sukanayaka.

"Ndinanena kuti Malichi," anatero mofatsa. "Gologolo amalowa mumsampha njala ikamupweteka."

"Dziko lanu ndi lokhota," ndinawayankha. "Nyama kuidikira kuti iwonde kaye?"

Anaseka, koma kiyi sanalande. Anati aona mmene ziyendere pofika chilimwe chawo.

Malichi atafika ndinalibe holide ngakhale tsiku limodzi. Ndinkatsika shifiti m'mawa, maso ali psuu, kukwera basi, kukaona misampha, kubwerera, kugona pang'ono, kudzukanso. Koma zinayamba kugwira. Tinjere tija tinali titatha, m'mitengo mulibe kanthu, ndipo chimanga changa chinasanduka chakudya cha mafumu. Ndikafika ndinkamva waya akulira ndili kutali. Gologoloyo umamulowetsa m'thumba la chiguduli, kumumenya kamodzi pamutu ndi mtengo wolemera, zatha, osamuzunza. Ndinkasenda komweko n'kubwera nayo nyama m'kachikwama kozizira, nditakhala m'basi pakati pa ana asukulu ndi azimayi opita kogula zinthu, palibe akudziwa.

Mayi a kunyumba anakana kuti ndigwiritse ntchito mapoto awo. Anati makoswe a mchira wa tsache sangalowe m'khitchini mwawo. Ndinakagula kanga kapoto kogulitsa zakale, ndipo m'firiji anandipatsa shelefu ya pansi penipeni. Loweruka lina ndinaotcha kuseri kwa nyumba, mchere ndi tsabola basi, n'kuitana azibambo a kutchalitchi. Anthu amene Lamulungu amavala tayi n'kumalankhula Chingerezi cha m'mphuno anatafuna mpaka mafupa. Wina wa ku Dedza misozi inalengeza, akuti wakumbuka agogo ake aamuna. Kuyambira pamenepo ankandiitana kuti a mlenje. Ngakhale mayi aja analawako kamwendo, akuti angofuna amve ngati mchere wakwana.

Mu Meyi ndinayamba kupeza zazikazi zili ndi bere. Apa mtima wanga unakana. Malume anga, amene anandiphunzitsa kutchera diwa, ankati tchire ndi nkhokwe: umatapa, sumagwetsa. Nyama ikayamba kuswana umachotsa misampha, umasiya mbewu ya chaka chamawa. Si chifundo ayi, ndi nzeru ya m'mimba. Ndinawauza madala aja kuti ndikutseka misampha mpaka chaka china.

"Ayi, musatero," anatero. "Miyezi inoyi ndi imene amasenda makungwa kwambiri. Pitirizani."

"Ndikawamaliza ndidzagwira chiyani chaka chamawa?"

"Koma cholinga chake n'chimenecho. Kuwamaliza."

"Cholinga cha ndani? Ine ndikufuna ndiwo."

"Ine ndikufuna mitengo."

Tinayang'anizana. Ndinazindikira kuti miyezi yonseyi tinkamwera limodzi tiyi, aliyense akuganiza kuti mnzake akumugwirira ntchito. Ndinakweza mawu, ndinanena zambiri, za anthu amene amadyetsa nyama pamanja m'paki n'kumafuna kuitheratu kunkhalango. Iwo anangodikira kuti ndimalize, n'kunena kuti bambo wa mfuti ya mpweya uja anaimbanso foni. Ndinatcheranso misampha. Ndinagwira mpaka mu Julaye, mtima ukuwawa, firiji ili yodzaza.

Chimene tonse awiri sitinachiwerengere ndi nyengo. Chaka chomwecho kunagwa chisanu mochedwa, mitengo itaphuka kale, chinawauliratu maluwa a oki. Pofika Okutobala pansi panalibe kanjere ngakhale kamodzi. Mitengo imene chaka chatha inkatigenda pamutu inangoima ngati sikutidziwa. Kenako kunabwera mvumbi wosatha, minda ya m'mbali mwa msewu inasanduka madambo, kumunsi kwa nkhalango madzi anafika m'mawondo. Agologolo amene anapulumuka misampha yanga anakumana ndi njala ndi kunyowa. Ndinkapitabe kukayenda, ndinkaona zisa zawo za masamba m'nthambi zikuphwasuka popanda wozikonza.

Koma ndinati ayi, chaka chino ndachenjera. Holide ndinaitenga mu Malichi, monga mwa kalendala yawo yokhotayo. Ndinagula thumba la chimanga. Mnzanga wa ku Chipata uja, mosandifunsa, analengeza kwa azibambo onse kuti a mlenje akonzanso phwando.

Misampha inakhala chitsegukire. Nthambi zili zii. Ndinkaima pansi pa mitengo, khosi kuwawa ndi kuyang'ana kumwamba, kumangoona nkhunda zakutchire. Holide yonse ndinagwira mmodzi, wowonda, ubweya utathothoka pamsana, woti ngakhale galu akanamununkhiza n'kuchoka. Ndinamukwirira. Chaka choyamba chakudya chinachuluka, agologolo anandinyoza. Chaka chino ndabwera pa nthawi yake, agologolowo kulibe. Munthu utani nalo dziko lotere?

Phwando lija tinadya nkhuku ya m'shopu.

"Ba mlenje," anatero mnzanga uja akukweza phiko m'mwamba, "uyu gologolo wanu anali kuuluka?"

Ndinamuuza kuti akapitiriza adzauluka ndi iyeyo, kudumpha mpanda. Onse anaseka kupatula ine.

Kumayambiriro kwa Juni madala aja anandipempha kuti tikayende limodzi m'nkhalangomo. Ankayenda pang'onopang'ono ndi ndodo, kuima pa mtengo uliwonse waung'ono, kusisita khungwa ngati akusisita mdzukulu. Panalibe bala latsopano ngakhale limodzi. Anasangalala ngati mwana. Titafika pageti anatulutsa botolo la uchi m'thumba la jekete n'kundipatsa, anandigwira chanza ndi manja awiri, anati sanaonepo munthu wogwira ntchito ngati ine. Kenako anatambasula dzanja.

"Ntchito yatha tsopano. Kiyi uja mungandibwezere."

Ndinati ndikhoza kumabwerabe kudzadula minga, kukonza mpanda, chilichonse, osandilipira. Anati mwana wawo wamkazi, amene amayang'anira mapepala awo, safuna kuti munthu azilowa yekha popanda chifukwa, akuti wina akavulala mlandu ndi wawo.

"Ndikanalephera mukanandilanda," ndinatero. "Ndakwanitsa, mukundilandanso. Ndiye mumafuna nditani?"

"Agologolo amabwerera," anatero. "Mitengo ikadzabereka bwino, amachokera m'nkhalango za ena n'kudzadzananso. Akadzayamba kusenda ndidzakuitanani inuyo, osati wina."

"Ndikanasiya mbewu mu Meyi muja, bwenzi lero tikukangana za kiyi?"

Dzanja linali chitambasulire. Kiyi ndinamuchotsa pa mulu wa makiyi anga, chikhadabo chinathyoka pochotsapo, ndinamuika m'dzanjamo. M'basi ndinakhala ndi botolo la uchi pamwendo ngati munthu wochokera kumaliro. Mayi a kunyumba ataona nkhope yanga sanafunse. Anangotenga uchiwo n'kunena kuti shelefu ya pansi ija aitenganso.

Kapoto kanga kali pamwamba pa kabati. Popita kuntchito ndimadutsa papaki paja, ndipo agologolo a kumeneko sanachepe ngakhale pang'ono, chifukwa njala yawo imathera m'manja mwa anthu. Ndimaima pansi pa mitengo ya oki ya m'mbali mwa njira n'kumayang'ana ngati ikubereka. Anthu amaganiza kuti ndikupemphera.

Lamulungu lililonse mapemphero akatha ndimatenga kapu yanga n'kukaima pafupi ndi madala aja. Ndimawafunsa za miyendo yawo, za mwana wawo wa mapepala uja, kenako ndimafunsa monga mmene umafunsira za wodwala.

"Nanga mitengo ikupeza bwanji?"

"Ili bwino kwambiri," amatero, nkhope ili ngwee. "Palibe chimene chaikhudza."

Ndimati tithokoze Mulungu. Tiyi ndimamusiya pomwepo.